Mtengo Woziziritsa Nyumba M'dziko Lachisanu

Pa 19 Julaye 1922 palibe Mngelezi akanakhulupirira zimene zinachitika patapita zaka 100 zenizeni. Pa 19 Julaye 2022, m'mudzi wa Coningsby, m'chigawo cha Lincolnshire, kutentha kunafika madigiri 40.3, ndipo aka kanali koyamba kuti dziko la Britain lipyole madigiri 40. Kwa omvera a ku Nsanje ndi Chikwawa kumeneku n'kutentha kozoloŵereka kwa mwezi wa Okutobala, koma ku Mangalande njanji zinapindika, nyumba zinapsa m'dera la Wennington kum'maŵa kwa London, ndipo dzulo lake ndege zinaimitsidwa pa bwalo la Luton chifukwa msewu wake unaonongeka ndi dzuŵa. A zaumoyo ataŵerengera, anapeza kuti m'masiku otentha a chaka chimenecho ku England kunamwalira anthu pafupifupi 3,000 kuposa amene amayembekezeka, ambiri mwa iwo okalamba. Kuyambira pamenepo mabanja ochuluka akhala akudzifunsa ngati n'kwanzeru kuika makina oziziritsa m'nyumba, amene ambiri amangoti eyakoni, m'dziko limene chisanu chimatenga miyezi yambiri ya chaka.

Vuto likuyambira pa mamangidwe. Nyumba za ku Britain zinamangidwa kuti zizisunga kutentha. Mazenera ake ndi a magalasi ophatikiza aŵiri, pansi pamayalidwa makapeti, ndipo kudenga amaikako zinthu zonga thonje kuti mpweya wofunda usathaŵe. M'nyengo yachisanu zonsezi ndi dalitso, koma dzuŵa likaswa mtengo nyumba yotere imasanduka uvuni, makamaka poti mu Juni dzuŵa ku London limaloŵa itadutsa 9 koloko usiku. Kuonjezera apo, nyumba zambiri zimatenthetsedwa ndi madzi oŵiritsidwa pa gasi amene amayenda m'mapaipi ang'onoang'ono, kotero kuti mulibe ngalande zodutsamo mpweya monga zimene zili m'nyumba zambiri za ku America. Pamene ku America nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zili ndi makina oziziritsa, ku Britain chaka cha 2022 chisanafike zinali zosakwana 5 mwa 100.

Kuti mtengo wake umveke bwino, ndi bwino kudziŵa mmene makinaŵa amagwirira ntchito. Sapanga kuzizira ayi, koma amanyamula kutentha kwa m'chipinda n'kukakutaya kunja, monga momwe firiji imachitira ndi kutentha kwa m'kati mwake. Ndicho chifukwa chake kumbuyo kwa firiji kumafunda. Nzeru imeneyi anaikhazikitsa ndi Willis Carrier mu 1902, pofuna kuchepetsa chinyontho m'nyumba yosindikizira mabuku ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Makina a masiku ano amakhala ndi zigawo ziŵiri, china m'nyumba china panja, zolumikizidwa ndi mapaipi a kopa momwe mumazungulira gasi wonyamula kutenthako.

Mtengo woyamba ndi wogulira ndi kuikitsa. Otsika mtengo ndi makina a mateyala, otulutsira mpweya wotentha pa zenera, amene amagulidwa ndi mapaundi mazana ochepa. Koma ameneŵa amasokosera, amadya magetsi ambiri, ndipo amangokwanira chipinda chimodzi. Makina a zigawo ziŵiri aja, m'zaka za 2023 ndi 2024, kaŵirikaŵiri ankadya pakati pa £1,500 ndi £3,000 pa chipinda chimodzi, kuphatikizapo malipiro a mmisiri, ndipo wofuna zipinda zitatu kapena zinayi ankalipira moŵirikiza. Gawo lalikulu la ndalamazi limapita ku ntchito ya manja: kuboola khoma la njerwa, kuyala mapaipi, kukoka waya wa magetsi ndi kukonza potayira madzi amene makina amadontheza. Lamulo la kumeneko sililola munthu wamba kugwira gasi wa m'makinaŵa popanda chiphaso. Wokhala m'nyumba ya lendi ayenera kupempha mwini nyumba, ndipo nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo zimafuna chilolezo cha khonsolo.

Mtengo wachiŵiri ndi wa magetsi, pakuti walira mvula walira matope. Mu 2024 yuniti imodzi ya magetsi ku Britain inali pafupifupi mapeni 25. Makina odya yuniti imodzi pa ola, atayaka maola 8, ndiye kuti atha £2 pa tsiku. Ndalama imeneyi payokha si yoopsa. Chodetsa nkhaŵa ndi kuchepa kwa masiku amene makinawo angagwire ntchito. Mwachitsanzo, banja litagula makina a £2,000 amene angakhale zaka 10, n'kumaŵayatsa masiku 20 okha pa chaka, ndiye kuti aŵagwiritsa ntchito masiku 200, ndipo tsiku lililonse lozizira bwino laŵadyera £10 asanaŵerengere magetsi ndi zokonzetsera. Munthu wa ku Dubai kapena ku Texas amagaŵa mtengo womwewo pa masiku mazanamazana chaka chilichonse. Apa m'pamene pagona kudula kwa makinaŵa m'dziko lachisanu.

Komabe masamu ameneŵa amasintha makinawo akapatsidwa ntchito yachiŵiri. Popeza ntchito yawo ndi kunyamula kutentha, angathe kutembenuzidwa kuti azikutenga panja n'kukuloŵetsa m'nyumba. Zimamveka zodabwitsa, koma ngakhale mpweya wozizira kwambiri umakhalabe ndi kutentha kumene makina angatapemo. Makina ogwira ntchito motere amatchedwa heat pump, ndipo pa yuniti imodzi ya magetsi amapereka kutentha kokwana mayunitsi atatu kapena anayi. Chisanu chikanyanya mphamvu yawo imatsika, ndipo amayamba aima kaye kuti asungunule madzi oundana pa chigawo chapanja, koma amagwirabe ntchito. Umboni wake ndi dziko la Norway, lozizira kuposa Britain, kumene nyumba zoposa theka zili ndi makina otere. Kumeneko anaŵagulira chisanu, ndipo kuziziritsa m'nyengo yotentha kumangobwera ngati basera.

Ku Britain phindu limeneli limachepa chifukwa magetsi akhala odula pafupifupi kanayi kuposa gasi, motero wochoka pa gasi sapulumutsa ndalama zambiri. Pofuna kukopa anthu, boma linayambitsa thandizo la £5,000 mu 2022 kwa eni nyumba a ku England ndi Wales, ndipo mu Okutobala 2023 linalikweza kufika pa £7,500. Pa nthaŵi imeneyo thandizoli linali la makina otenthetsa madzi a m'mapaipi, osati ouzira mpweya amene amathanso kuziziritsa.

Nanga amene sangakwanitse ndalama zonsezi? Yankho lina linachokera ku Canada, dziko linanso lachisanu. Pa 29 Juni 2021 mudzi wa Lytton, m'chigawo cha British Columbia, unafika madigiri 49.6, ndipo m'maŵa mwake unapsa ndi moto. M'chigawocho munamwalira anthu 619 chifukwa cha kutentha, pafupifupi onse ali m'nyumba, ambiri okalamba okhala okha. Mu 2023 boma la chigawocho linapatula madola 10 miliyoni a ku Canada kuti ligaŵe ulere makina a mateyala okwana 8,000 kwa osauka ndi odwala. Phunziro lake n'lakuti amene kutentha kumaŵapha msanga ndi omwenso alibe ndalama zodzitetezera.

Palinso mtengo umene suoneka pa lisiti. Makina akachuluka amafuna magetsi ambiri, amatayira kutentha m'misewu ya m'mizinda, ndipo gasi wake akatuluka amathandizira kutenthetsa dziko lonse. N'chifukwa chake mu 2016 maiko anagwirizana ku Kigali kuti achepetse magasi a mtundu umenewu. Nalo dziko la England, kuyambira mu Juni 2022, limalamula kuti nyumba zatsopano zizimangidwa moti zisatenthe mopyola muyeso, poyamba ndi njira zosafuna magetsi: kuchepetsa dzuŵa loloŵa pa mazenera ndi kupereka mpata woti mphepo izidutsa. Kutseka makatani masana, kutsegula mazenera usiku ndi kubzala mitengo ya mthunzi kumathandiza pa mtengo wochepa zedi.

Choncho banja la m'dziko lachisanu liyenera kuŵerenga zinthu zitatu lisanatulutse ndalama: masiku amene makinawo adzagwire ntchito pa chaka, mtengo wa magetsi poyerekeza ndi gasi, ndiponso anthu amene amagona m'nyumbamo. Makina oziziritsa okha, oyaka milungu iŵiri kapena itatu, ndi katundu wodula kwa banja la anthu athanzi. Makina otenthetsa m'chisanu n'kuziziritsa m'nyengo yotentha amabweza ndalama zake pang'onopang'ono. Koma pamene pali nkhalamba, wodwala mtima kapena khanda m'chipinda chapamwamba choyang'ana kudzuŵa, chipinda chimodzi chozizira chingakhale chimene chingapulumutse moyo.