Gofu Pakati pa Tiyi: Kagwiridwe ka Ndodo

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo amaona tiyi mbali zonse, wosalala pamwamba ngati wometedwa ndi lumo. M'dera la minda imeneyi, monga ya Satemwa yomwe inatsegulidwa mu 1923, muli bwalo la gofu la Thyolo Sports Club, la maenje 9. M'masiku a atsamunda maseŵera aŵa anali a azungu a m'maesiteti, ndipo mwana wa m'mudzi ankafikapo kudzanyamula thumba la ndodo basi. Lero mnyamata kapena mtsikana amene wasiya sukulu akhoza kugwira ndodoyo ndi kumenya yekha. Chimene chimamugwetsa kaŵirikaŵiri si kuchepa mphamvu ayi, koma manja ake omwe.

Ambiri a ife tinakulira pa khasu. Mpini wa khasu timaufumbata m'chikhatho ndi kuufinya zolimba, popeza nthaka youma safuna kuinyengerera. Tsono wophunzira akapatsidwa ndodo ya gofu amaigwira chimodzimodzi, namenya ndi ukali wonse, kampira n'kukhotera kumanja kukagwera m'thengo. Iye amaganiza kuti mphamvu zachepa, choncho ulendo wachiŵiri amafinyitsa, ndipo zinthu zimaipiraipira.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kampira ka gofu sikapitirira magalamu 46 kulemera kwake, ndipo nthaŵi imene mutu wa ndodo umakhudzana nako ndi yochepa zedi: mutagaŵa sekondi imodzi m'zigawo 2,000, chigawo chimodzi chokha. Palibe munthu angakonze cholakwa m'kanthaŵi kotere. Kumene nkhope ya ndodo yayang'ana pokhudza kampira, ndiko kwenikweni kumene kampirako kamayambira ulendo wake, ndipo chimene chimalamula nkhopeyo ndi momwe manja anakhalira munthu asanayambe n'komwe kukweza ndodo.

Kwa munthu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, dzanja lamanzere ndilo limakhala kumtunda. Mpini ugone mopingasa m'munsi mwa zala, kuchokera patsinde la kachala kakang'ono kufikira pakati pa chala cha mkombaphala, osati pakatikati pa chikhatho. Mukatseka dzanjalo n'kuyang'ana pansi, muyenera kuona mfundo ziŵiri za kumbuyo kwa dzanja, kapena kupitirira pang'ono. Mukaona imodzi yokha, nkhope ya ndodo imafika pa kampira ili yotsekuka, ndipo kampira kamakhotera kumanja. Mukaona zinayi, imafika itatsekeka, kampira n'kuthaŵira kumanzere chokwaŵa. Dzanja lamanja libwere m'munsi, chikhatho chake chiphimbe chala chachikulu cha lamanzere, ndipo kamphanda ka pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala kaloze chakuphewa lamanja.

Pa za kulumikiza manja aŵiriwo akatswiri amasiyana. Harry Vardon, wa ku chilumba cha Jersey, amene anapambana mpikisano wa Open Championship kasanu ndi kamodzi pakati pa 1896 ndi 1914, ankasanjika kachala kakang'ono ka dzanja lamanja pamwamba pa zala za lamanzere, ndipo kagwiridweka kamatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Jack Nicklaus ndi Tiger Woods amakoloŵeka kachalako ndi chala cha mkombaphala cha lamanzere. Ife tikuona kuti mkangano umenewu ndi waung'ono. Wa zala zazifupi akoloŵeke, wa zala zazitali asanjike, malinga manja aŵiriwo agwire ntchito ngati dzanja limodzi. Chofunika kuchikumbukira ndi chakuti Vardon anayamba ngati mwana wonyamula ndodo za ena. Ben Hogan wa ku Texas anayambanso chomwecho, ndipo m'buku lake la mu 1957 la maphunziro asanu a gofu, phunziro loyamba ndi la kagwiridwe.

Nanga kufinya kukhale kotani? Apa aphunzitsi a sukulu ali ndi chitsanzo pakhomo pawo pomwe. Taonani ana akutchetcha udzu wa pabwalo ndi chikwakwa. Wachilendo amaumitsa mkono wonse, amatopa msanga, ndipo udzu umangogona osaduka. Wozoloŵera amagwira ndi zala, nasiya pamfundo ya dzanja ndi mkono pali pofeŵa, ndipo nsonga ya chikwakwa imachita kulira mumphepo. Ndodo ya gofu imafuna zomwezo. Zala zikafinya kwambiri, minofu ya mkono imauma, mfundo ija imaleka kupinda ndi kumasuka pa nthaŵi yake, ndipo mutu wa ndodo umafika pa kampira liŵiro litatha. Amayi othyola tiyi amadziŵanso zimenezi. Masamba aŵiri ndi kansonga amazidula ndi zala zopepuka tsiku lonse, popeza wofinya amatikita tsamba ndipo zala zimamuŵaŵa dzuŵa lisanafike pamutu.

Komatu tisanamizane kuti ndodo igwiridwe mwaulesi. Pamene ikutsika mwaliŵiro imakoka manja mwamphamvu, ndipo zala zimalimba zokha kuti isapulumuke. Zala zitatu zomalizira za dzanja lamanzere zigwire motsimikiza kuyambira pachiyambi, pamene chala chachikulu ndi cha mkombaphala cha lamanja zingokhudza. Amene amamasula zala ndodo ili pamwamba, n'kudzaifumbatanso potsika, nkhope ya ndodo imamutembenukira iye osadziŵa.

Ku Thyolo kuli vuto lina la kwathu konkuno. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera ndi nkhungu ndi mvula yake yowaza, mpini umanyoŵa ndi kuterera. Ndodo zambiri zimene ophunzira amapeza ndi zakale zosiyidwa ndi ena, ndipo labala wa pampini anatha kale, ali see ngati botolo. Pa mpini wotere munthu sangaleke kufinya ngakhale atauzidwa kakhumi. Kutsuka labalayo ndi madzi ofunda ndi sopo, ndi kuyenda ndi kansalu kouma m'thumba, kumathandiza kuposa malangizo ambiri.

Kagwiridwe aka sikalira bwalo kapena ndalama kuti munthu akaphunzire. Mtengo wowongoka, wonenepa ngati chala chachikulu, ndi wokwanira. Auike m'zala, aŵerenge mfundo ziŵiri zija, aukweze ndi kuutsitsa, autule pansi, kenaka ayambirenso. Masabata oyamba manja amamva chilendo ndipo amafuna kubwerera ku khasu, makamaka munthu akatopa kapena akaona kuti anthu akumuyang'ana.