Makina ounika m'matumbo apulumutsa wofika msanga

Munthu wa pa Chitakale ku Mulanje akaona magazi m'chimbudzi, kawirikawiri amaganiza za kamwazi, mudzi kapena likodzo. Amagula mapiritsi pagolosale n'kubwerera kumunda wa tiyi kapena kumsika. Nthawi zambiri amakhala akulondola, koma nthawi zina magaziwo ndi chizindikiro cha khansa ya m'matumbo aakulu.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'chaka cha 2020 anthu oposa 1.9 miliyoni adapezeka ndi khansayi ndipo oposa 900,000 adamwalira nayo.

Nthendayi imayamba ngati kanjerewere kakang'ono mkati mwa thumbo, komwe kamatha zaka pafupifupi 10 kasanasanduke khansa. Madokotala akakapeza n'kukachotsa, ndiye kuti nthendayo aidula isanazike mizu.

Njira imodzi yopezera tinjerewereti ndi makina a CT. Dokotala wa ku America, David Vining, ndiye adaonetsa njirayi koyamba mu 1994. Wodwala amamwa mankhwala otsuka m'mimba dzulo lake. Tsikulo adokotala amapopera mpweya pang'ono m'thumbo kudzera m'kachubu kuti litambasuke, kenako makinawo amajambula munthuyo atagona chagada komanso chafufumimba. Kompyuta imalumikiza zithunzizo mpaka mkati mwa thumbo kuoneka bwino. Zonsezi zimatha mphindi ngati 15 ndipo munthu sagonekedwa tulo.

Koma makinawa amangoona, sachotsa kanthu. Akapeza chotupa, pamafunikabe kuloweka kachubu ka kamera kuti achidule ndi kuchiyeza. Amayi oyembekezera saloledwa chifukwa cha mphamvu ya X-ray.

Ku America, kuyambira mu 2021 akatswiri amalangiza aliyense wa zaka 45 kuti ayambe kuyezetsa ngakhale asakudwala, ndipo wosankha CT amabwereza zaka 5 zilizonse. Kuno kwathu ndondomeko yotere kulibe. Khama lalikulu lili pa khansa ya khomo la chiberekero yomwe ikupha amayi ambiri. Makina a CT amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo woposa makilomita 60 kuchokera pa Chitakale.

Choncho ulendo wa banja la pa Chitakale umayambira pafupi, pachipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Mulanje Mission, komwe amatha kuyeza chimbudzi ndi magazi n'kulemba kalata yotumiza wodwala ku Blantyre.

Zizindikiro zosafunika kuzengereza ndi magazi m'chimbudzi omwe sakusiya ngakhale mwamwa mankhwala, kutsegula kapena kudzimbidwa kwa milungu itatu, kuonda popanda chifukwa, kuchepa magazi ndi kupweteka m'mimba kosatha. Amene bambo, mayi kapena m'bale wake adadwalapo khansayi auze adokotala, chifukwa nthendayi imayenda m'magazi m'mabanja ena.

Nkhani za kuchimbudzi n'zochititsa manyazi kuzikamba, makamaka kwa akuluakulu. Komatu khansa yopezeka isanafalikire imachizika ndi opaleshoni, pomwe yochedwa imadya thupi ndi chuma cha banja lonse.