Miono, Mphasa ndi Zimbowera za ku Chilwa

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala ndi Phalombe imathiramo, koma chochotsamo madziwo ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imaphwa. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adangoti mbwee pamatope ong'aluka.

Anthu a kuno khalidwe limeneli adalidziwa kalekale. Pomwe David Livingstone ankaiona nyanjayi mu 1859, Anyanja anali atakhazikika kale. Ayao adadza m'zaka zomwezo, Alomwe pambuyo pake kuchokera ku Mozambique. Onsewa adaphunzira kupanga zipangizo zopepuka, zoti nyanja ikathawa munthu asalire nazo, ikabwerera alukenso zina.

Taonani mono. Mmisiri amang'amba nsungwi kapena bango, n'kuluka ngati dengu lalitali, kukamwa kwake n'kupindira mkati. Mlamba ukatsata fungo la gaga umalowa mosavuta, koma potuluka nsonga zija zimautsekera njira. Mono sufuna petulo, sufuna ngongole, ndipo tinsomba tating'ono timapulumukira m'mipata. Ukonde wa udzudzu, umene ena akukokera matemba masiku ano, umasesa ndi ana omwe, ndipo n'zomvetsa chisoni.

Luso loposa onse ndi chimbowera. Asodzi ochokera kumadoko monga Mposa ndi Namanja ku Machinga amalowa mkati mwa dambo, n'kupinda ndi kusanjikiza njedza mpaka papezeke poponda. Pamenepo amamangapo kanyumba koyandama, amamata dothi pokolezera moto, n'kumawamba makumba ndi milamba kwa masabata osaponda kumtunda. Moyo wake ndi wowawa: madzi akumwa ndi omwewo a m'nyanja, ndipo mu 2016 katemera wa kolera adachita kuwalondola komweko.

Luso loluka silili ku Chilwa kokha. Kutsidya kwa Shire, m'boma la Balaka, lomwe lidapatuka ku Machinga mu 1998, manja amatanganidwa ndi mlaza. Masamba ake amawayanika, kuwang'amba timizere, kenaka kuluka mikeka, zipewa ndi zikwama zimene apaulendo amagula m'mbali mwa msewu. Bango nalo amalisoka ndi chingwe cha khonje n'kukhala mphasa.

Mu 1996 Chilwa idakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa mgwirizano wa Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zake zam'madzi. Mbalamezo zimaswana m'njedza momwemo, mmene alimi a mpunga amatenthamo chilimwe pofuna malo atsopano.