Kukweza pikiapu sikuwonjezera katundu amene ingasenze

Kasungu, Mana: Mvula ikakhazikika, misewu yafumbi yopatuka mumsewu wa M18 pa Mtunthama m'boma la Kasungu kupita m'midzi ndi m'maesiteti a fodya imasanduka matope. Galimoto za pikiapu zimakhula mimba pansi kapena kutitimira m'madambo, ndipo alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito zachipatala amachedwa kufika kwa anthu amene akuwadikira.

Pachifukwachi eni galimoto ambiri, kuphatikizapo maofesi a boma ndi mabungwe, amaganiza zogula matayala akuluakulu ndi kukweza masipuling'i. Njira ziwirizi zimagwira ntchito mosiyana, ndipo woyang'anira galimoto ayenera kudziwa kusiyanako asanavomereze kutulutsa ndalama.

Kukweza masipuling'i ndi mashoko kumanyamula chasisi ndi thupi la galimoto, koma difu ya kumbuyo imakhala pomwe inali chifukwa ili pa ekiselo. Pamsewu pamene malole ndi mathirakitala akumba ngalande ziwiri n'kusiya mtumbira pakati, chimene chimayamba kugunda kawirikawiri ndi difuyo. Chimene chingaikweze ndi tayala lalitali basi.

Kutalika kwa tayala kumadziwika ndi manambala olembedwa m'mbali mwake. Pa tayala la 265/65R17, limene limapezeka pa Toyota Hilux zambiri, 265 ndi mamilimita a m'lifupi mwake, 65 ndi peresenti ya m'lifupimo imene ikuimira kutalika kwa khoma la tayala, pomwe 17 ndi mainchesi a limu. Tayala lonselo ndi lalitali mamilimita 776. La 265/70R17 limafika mamilimita 803, koma difu imangokwera ndi theka la kusiyanako, mamilimita 13 okha.

Phindu lochepali lili ndi zotsatira zake. Tayala lalikulu limazungulira kochepa pa mtunda womwewo, choncho mita ya liwiro ikamaonetsa makilomita 80 pa ola, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 83. Chimodzimodzinso, ulendo wa makilomita 103 umalembedwa ngati wa 100. Ku ofesi kumene mafuta amawerengedwa potsata buku la maulendo, dalaivala wosalakwa angathe kukayikiridwa kuti akusowetsa mafuta, pomwe chasintha ndi tayala. Kuwonjezera apo tayala lalikulu ndi lolemera, limafooketsa galimoto ponyamuka ndi pokwera chitunda, limadyetsa mafuta ambiri ndiponso limatalikitsa mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto.

Kukweza masipuling'i kuli ndi malire akenso. Pikiapu zambiri za masiku ano, monga Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max, zili ndi mawilo akutsogolo oyenda palokhapalokha. Zikakwezedwa kupitirira mamilimita pafupifupi 50 osasintha zitsulo zina, ma CV joint ndi ma ball joint amagwira ntchito atapendekeka kwambiri ndipo amatha msanga. Galimoto ikakwezedwa imafunikanso kuwongola mawilo ndi kutsitsa kuwala kwa nyali, kuti isathobwe m'maso oyendetsa ena usiku.

Ngozi yaikulu ili pa katundu. Galimoto yokwezedwa siivuta kugubuduzika pokhota kapena pozemba wapanjinga mwadzidzidzi, makamaka ikasenza mabelo a fodya osanjikiza popita ku msika wa Chinkhoma. Masipuling'i olimba amangobisa kulemera, sasintha malire amene opanga galimoto adaika. Belo limodzi limalemera pafupifupi makilogalamu 100, kotero pikiapu ya tani imodzi siyenera kupitirira mabelo khumi, ndipo chiwerengerocho chimatsika mukawerengera dalaivala ndi anthu okwera.

Posankha tayala, nambala ya kulemera imene imatsatira kukula kwake ndiyo yofunika kuiyang'ana. Nambala 112 ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 1,120, pomwe 121 ndi makilogalamu 1,450. Tayala latsopano lisachepere nambala ya limene galimoto idabwera nalo. Mano a tayala akhalenso ogwirizana ndi ntchito: a m'matope amagwira bwino m'dambo koma amachita phokoso ndi kuterera pa tala wonyowa, pomwe a misewu yonse amakwanira galimoto imene imagawa maulendo ake pakati pa M18 ndi kumudzi. Pa galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi, matayala onse pamodzi ndi lasipeya ayenera kufanana kukula, apo ayi magiya amawonongeka.

Galimoto iliyonse yosinthidwa iyenera kukhalabe yokwanira kulandira chiphaso cha COF pansi pa lamulo la pamsewu la 1997, limene limayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS. Ndi bwino kudziwitsa kampani ya inshulansi ndi kufunsa amene adagulitsa galimotoyo, popeza kusintha zitsulo kungathe kufafaniza chitsimikizo chawo chokonza ulere. Galimoto za MG siziyenera kusinthidwa pa ganizo la dalaivala kapena makaniko yekha popanda chilolezo cholembedwa cha akuluakulu a ofesi.

Pa maulendo ambiri a ku Mtunthama, matayala a mano abwino okulirapo ndi sitepe imodzi, mpweya woyenera ndi katundu wosapyola muyeso zimakwanira kufikitsa galimoto kumene ikufunika.