Mafuta oyeretsa khungu satiteteza ku dzuwa

M'miyezi ya October ndi November dzuwa limaswa mtengo, makamaka ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja. Nthawi imeneyi atsikana ambiri m'makalabu mwathu amadandaula za madontho akuda kumaso, ndipo ena amathamangira kumsika kukagula mafuta oyeretsa khungu. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa mafuta oyeretsa ndi mafuta oteteza ku dzuwa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Khungu lathu ndi lakuda chifukwa cha melanin, yemwe amatitchinjiriza ku cheza cha dzuwa chotchedwa UV. Mafuta ambiri oyeretsa amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena ma steroid. Hydroquinone ndi mercury amachepetsa melanin, pomwe ma steroid amapyapyalitsa khungu. Zikatero dzuwa limatiwotcha mosavuta.

Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Poyamba nkhope imawala, koma tikadzola nthawi yaitali pamatuluka ziphuphu ndi madontho akuda ovuta kuchotsa. Mercury amawononganso impso, ndipo angathe kuvulaza mwana wosabadwa. N'chifukwa chake dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola m'chaka cha 1990.

Nanga tichite chiyani?

Pogula mafuta oteteza ku dzuwa tiyang'ane mawu akuti SPF 30 kapena nambala yoposa pamenepo. Tidzole tisanatuluke m'nyumba, ndipo tibwereze pakatha maola awiri kapena tikatuluka thukuta lambiri. Vaseline amafewetsa khungu koma sateteza ku dzuwa.

Ngati ndalama palibe, chipewa chakhonde, ambulera ndi malaya a manja aatali zimathandiza kwambiri. Ntchito za kumunda tizizigwira m'mamawa kapena madzulo, popeza dzuwa limawotcha kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana.

Anzathu amene akumwa Bactrim adziwe kuti mankhwalawa amachititsa khungu la ena kupsa msanga ndi dzuwa. Akaona zidzolo apite kuchipatala msanga, osati kubisa ndi mafuta a kumsika. Anzathu achialubino ali pachiopsezo chachikulu cha khansa ya pakhungu, choncho amafunika SPF 50 tsiku lililonse.

Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu, aliyense abwere ndi botolo la mafuta amene amadzola kuti tiwerengere limodzi zolembedwa kumbuyo kwake. Anyamata nawonso afike, chifukwa mawu awo onyoza khungu lakuda ndi amene amakankhira alongo athu ena ku mafuta oopsawa.