Rauta ikafa, ganizirani za mbiya

Mayi akamagula mbiya pamsika sangopereka ndalama n'kunyamula. Amayamba waigogoda ndi chala, khutu lili tcheru. Ikalira bwino ndiye kuti inapsa mokwanira, ikalira mogonthera pali mng'alu wobisika. Koma khutu limanyengeka. Mayi uja amafika kunyumba, kuthiramo madzi, m'mawa n'kupeza pansi pali chinyezi. Woumba wodziwa ntchito yake sakangana naye. Amadziwa kuti mng'aluwo unachokera kumoto wake, ndipo amapereka mbiya ina.

Rauta ya WiFi simungaigogode. Imabwera m'katoni yomata, timagetsi take n'kuyaka bwinobwino tsiku loyamba. Pakatha miyezi itatu imayamba kuzima yokha, kutentha, kenako zii. Waranti inabwera chifukwa cha zimenezi: ndi lonjezo lakuti vuto lobadwa nalo, lomwe wogula sakanatha kuliona, si la wogula.

Malonjezo ake ndi awiri, ndipo ambiri timawasokoneza. Loyamba ndi la kampani yopanga rautayo, lolembedwa pakakhadi ka m'katoni, ndipo nthawi zambiri limakhala la chaka chimodzi kapena kuposerapo. Lachiwiri ndi udindo wa amene anakugulitsani, umene umachokera m'malamulo a dziko. Mwini sitolo akati "lemberani ku fakitale," akuchita ngati woumba amene akutuma mayi uja kukadandaula kudambo komwe anakumba dongo. Ndalama analandira ndi iye, ndiye woyamba kuyankha ndi iyeyo.

Ku Malawi kuno tili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula. Bungweli lakhala likuchenjeza za zikwangwani zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Chikwangwani chotere sichifufuta udindo wa wogulitsa pa katundu amene ali ndi vuto. Zimandipweteka ndikaona munthu wasunga ndalama miyezi ingapo kuti ana aziphunzira pa intaneti, rauta n'kufa, iye n'kuwerenga chikwangwanicho, n'kubwerera kwawo mutu uli pansi osafunsa n'komwe.

Komanso tinene chilungamo. Mbiya ikagwa m'manja mwa mwana, woumba alibe mlandu. Rauta zina kuno sizifa ndi vuto la kufakitale. Zimapsa magetsi akabwera mwamphamvu atazima kwa maola, kapena chiphaliwali chikadutsa m'nthambo nthawi ya dzinja. Ena amalumikiza adaputa ya chipangizo china chifukwa yangolowa pabowo, osaona ngati mphamvu zake zikufanana ndi zolembedwa kunsi kwa rauta. Izi waranti kawirikawiri siziwerengera. Ndipo mukapita nayo kwa mnyamata wokonza mafoni n'kuitsegula, chidindo chimene kampani inamata pa rautayo chikang'ambika, mwapatsa wogulitsa chifukwa chokanira. Ili ngati mbiya yoti mwaimata kale ndi phula, woumba sangaonenso kuti mng'alu unayambira pati.

Choncho isanatsegulidwe, yesani zing'onozing'ono. Izimitseni, dikirani pang'ono, yatsaninso. Onani ngati bandulo sinathe. Yesani adaputa ina yofanana mphamvu, chifukwa nthawi zina chafa ndi adaputa, rauta ili bwinobwino. Zikakanika, tengani zonse: rauta, adaputa, katoni, lisiti. Lisiti ndiye mboni yanu. Malisiti ambiri amafufutika pakangopita miyezi, ndiye muzijambula pafoni tsiku logula lomwelo, pamodzi ndi nambala ya chipangizo imene ili kunsi kwake. Mukaisiya kusitolo, akulembereni kapepala kosonyeza tsiku limene ailandira ndi vuto lomwe mwanena.

Ngati rautayo munapatsidwa ndi kampani ya intaneti, werengani mgwirizano wanu. Ina imakhala yanu, ina ndi yobwereka ngati mtondo wa aneba. Yobwereka ikafa yokha, mwini wake ndiye woyenera kuisintha.

Palinso nkhani ya rauta zotumizidwa ndi achibale akunja. Ku South Africa, lamulo la ogula la mu 2008 limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wavuto, ndipo iye ndi amene amasankha pakati pa kukonzeredwa, kupatsidwa wina kapena kubwezeredwa ndalama. Ku Britain, lamulo la mu 2015 limapereka masiku 30 oti munthu abweze katundu wavuto n'kulandira ndalama zake zonse. Ufulu umenewu ndi wamphamvu ndithu, koma umagwira pa sitolo ya ku Johannesburg kapena ku London komwe rautayo inagulidwa. Ikafera ku Area 25, iyenera kukweranso basi kubwerera ku Joni, ndipo lisiti likhale lidakali m'manja mwa achimwene amene anaigula.