Mzere ukaupondera, mpira watuluka

Loweruka lina, pochokera ku wailesi, ndidaima pa bwalo la sukulu ina kufupi ndi Ntengo-Wambalame kuonerera anyamata akusewera basiketibolo. Masewerowo sadathe. Woyimbira adatukwanidwa mpaka adaponya wezulo pansi n'kumapita. Chonsecho iye sadalakwe.

Vuto ndi lakuti tonsefe tidakulira mpira wamiyendo, komwe mpira umatuluka pokhapokha wonse utadutsa mzere. Ku basiketibolo mzere weniweniwo ndi kunja. Ukaupondera uli ndi mpira m'manja, ngakhale ndi nsonga ya nsapato, basi watuluka. Koma mpira uli m'malere, ngakhale utadutsa mzere, sunatuluke kufikira utagunda pansi, munthu kapena chinthu chakunjako. N'chifukwa chake amene wadumpha kuchokera m'kati amaloledwa kuubweza asanatere. Mpira umapita kwa adani a yemwe waukhudza komaliza, ndipo woponya ali ndi masekondi 5 okha.

Nanga falta ya wotchinga? Apa ndiye pamene anthu amapsetsana mitima. Malamulo a FIBA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ku Geneva mu 1932, amati wotchinga akayamba kufika pamalo, atayang'ana mdani, mapazi onse awiri ali pansi, malowo ndi ake. Wa mpira akam'gunda pachifuwa, wolakwa ndi wa mpirayo. Wotchinga akhoza kusunthira cham'mbali kapena cham'mbuyo, koma akalowera kutsogolo n'kugunda mnzake, kapena kum'tsekereza ndi mkono, chiuno kapena bondo, falta ndi yake. Zodzigwetsa dala n'kumakuwa, zija timaziona ku mpira wamiyendo, kuno zikhoza kukulangitsa.

Mafalta akakwana 5 wosewera amatuluka; ku NBA amafika 6. Timu ikachita mafalta 4 m'chigawo chimodzi cha mphindi 10, falta iliyonse ya wotchinga yotsatira imapatsa adani mwayi woponya kawiri popanda wowatchinga.

Tisamayese kuti masewerowa ndi a eni ake. Clarisse Machanguana, mwana wa Mozambique, adalowa mu WNBA ku America mu 1999, ndipo mu 2013 amayi athu adafika m'ndime yomaliza ya Africa yonse ku Maputo, komwe adagonja kwa Angola.

Bwalo lovomerezeka ndi mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, mzere wake masentimita 5. Pa bwalo lija mzere adaulemba ndi phulusa, ndipo mphepo ya kuno ku Tsangano idali itauulutsa kale chigawo choyamba chisanathe.